KUIKA LAMBA PA CIGAYO CA MANJA

Alimi ambiri a ku Palabana, m'boma la Chongwe, ali ndi ng'ombe za mkaka, nkhuku ndi nkhumba. Ziweto zotere zifuna cakudya copera tsiku ndi tsiku, ndipo kunyamula thumba kunka nalo ku cigayo cacikulu nthawi zonse kumadya ndalama ndi nthawi. Cifukwa ca ici mabanja ena ali ndi cigayo cacing'ono cacitsulo, cija comangirira pa tebulo ndi kupukusa ndi dzanja. Cigayo cimeneci ncabwino, koma ncotopetsa. Munthu akapukusa ora limodzi mapewa aphwanya, koma zimene wapera nzocepa.

Tsono ambiri amafunsa kuti, kodi sikutheka kucotsa cogwirira cija ndi kuikapo lamba, kuti mota ya magetsi kapena injini yaing'ono igwire nchitoyo? Yankho ndi lakuti nkotheka ndithu. Koma munthu akacita mosadziwa angathe kuononga cigayo pa tsiku limodzi, kutentha mota, kapena kudula cala ca mwana. Phunziro la lero likuuzani za liwiro loyenera, kasankhidwe ka mapule ndi lamba, kamangidwe kace, ndi kapewedwe ka ngozi.

Nkhani ya mphamvu zogwirira nchito pa munda si yacilendo ku Palabana. Kumeneko kunakhazikitsidwa sukulu ya Boma yophunzitsa ulimi wa mkaka, ya Palabana Dairy Training Institute. M'zaka za m'ma 1990 kunalinso nchito yoyesa zipangizo zokokedwa ndi ng'ombe, mothandizidwa ndi dziko la Netherlands, ndipo kunali kumeneko kumene alangizi ambiri anaphunzira kalimidwe ka Magoye ripper. Cimene anthu anaphunzira pa khasu la ng'ombe ncoonanso pa cigayo: cipangizo cimakhalitsa ngati mphamvu yociyendetsa ilingana naco.

CIFUKWA CACE TISANKHA LAMBA

Lamba amene tinena pano ndi uja wa mphira wokhala ndi mbali ziwiri zopendekeka, wonga wa pa injini ya galimoto, amene amalowa m'ngalande ya pule. Anamuyamba ndi John Gates wa ku Denver, ku America, m'caka ca 1917. Iye amagwira ndi mbali zacezo, osati ndi mimba yace.

Ubwino wa lamba uli patatu. Coyamba, posintha ukulu wa mapule mungathe kucepetsa liwiro la mota kufikira pamene mufuna. Caciwiri, lamba ngwochipa, apezeka m'masitolo a zitsulo mu Lusaka, ndipo akatha mumusintha nokha. Cacitatu, mwala kapena msomali ukalowa m'cigayo, lamba amatereka ndi kulira, koma magiya amathyoka mano. Ncifukwa cace ngakhale amisiri okhala ndi makina ang'ono a pa tebulo osemera zitsulo amakonda kucotsa magiya a pulasitiki a m'katimo ndi kuikamo lamba.

YAMBANI MWAONA CIGAYO CANU

Zigayo za manja ziri za mitundu iwiri. Zina ziri ndi mabelingi ndi gudumu lolemera lokhala ndi ngalande ya lamba. Zimenezi anazipanga kuti zilandire lamba, ndipo nchito yace njosabvuta. Zina, zimene ziri zambiri m'midzi, ziribe mabelingi. Shafuti yace ingozungulira m'dzenje la citsulo. Mukamangirira pule pa shafuti yotere, lamba adzaikokera mbali imodzi, dzenje lidzakula, mbale zoperera zidzayamba kukhulana, ndipo fumbi la citsulo lidzalowa m'cakudya.

Pa cigayo ca mtundu waciwiriwu, pule ikhale pa shafuti yace yace yogona pa mabelingi awiri omangirira pa tebulo. Shafuti imeneyo ndiyo ilumikizidwe ku cigayo pamalo pamene panali cogwirira, molunjika bwino. Motero mabelingi ndiwo asenza kukoka kwa lamba, ndipo cigayo cingolandira kuzungulira kokha. Cigayo cang'alu, kapena cimene mbale zace zatha mano, musataye naco ndalama.

LIWIRO NDILO MUTU WA NKHANI

Munthu popukusa amazungulitsa cigayo pafupifupi ka 60 pa mphindi imodzi. Mota wamba ya magetsi a m'dziko muno imazungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi, ndipo ziripo zina za ka 2,800. Injini yaing'ono ya petulo imafika ka 3,000 kapena 3,600. Nambala imeneyi yalembedwa pa kacitsulo kokhomedwa pa mota. Iwerengeni musanagule kanthu kena kali konse.

Cigayo cacikulu ca nyundo cimakonda liwiro, pakuti cimaswa cimanga pocimenya. Cigayo ca manja cimapera pofinya njere pakati pa mbale ziwiri, monga mphero, ndipo liwiro ndi mdani wace. Cizungulire pakati pa ka 80 ndi ka 120 pa mphindi. Mukapitirira apo mbale zitentha, ufa upsa ndi kumata, ndipo citsulo cidyeka msanga. Kuthamanga sikufika.

Kawerengedwe kace nkotere. Tengani liwiro la mota, mulicurukitse ndi ukulu wa pule yaing'ono, ndipo mugawe ndi ukulu wa pule yaikulu. Ukulu wa pule tiuyesa modutsa pakati. Mwa citsanzo, mota ya 1,400 yokhala ndi pule ya mamilimita 75, yoyendetsa pule ya mamilimita 150, ipatsa 700. Liwiro limeneli liposa la dzanja koposa kakhumi, ndipo cigayo sicingalipirire.

Kuti mutsike kucokera pa 1,400 kufika pa 100 ndi lamba mmodzi, pangafunike pule yoposa mita imodzi, imene njobvuta kuipeza, ndiponso lamba sangagwire bwino pa pule yaing'onoyo. Njira yabwino ndiyo kutsika kawiri, poika shafuti ya pakati:

1. Pa mota ikani pule ya mamilimita 75. Lamba woyamba apite ku pule ya mamilimita 300 ya pa shafuti ya pakati. Liwiro latsika kanai, lafika pa 350.

2. Pa shafuti ya pakati yomweyo ikaninso pule ya mamilimita 75. Lamba waciwiri apite ku pule ya mamilimita 300 ya ku cigayo. Liwiro latsikanso kanai, lafika pafupifupi pa 88.

Wokhala ndi injini ya petulo yoyenda pa 3,000 asatengere mapule omwewa, pakuti cigayo cidzazungulira ka 187. Iye aike mapule akulu a mamilimita 375, kuti liwiro litsike kasanu pa lamba ali yense: 3,000 ikhale 600, ndipo 600 ikhale 120.

Za mphamvu, dziwani kuti munthu wogwira nchito nthawi yaitali amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a hosipawa imodzi. Cotero mota ya theka la hosipawa, ndiye kuti 0.37 kW, kapena ya hosipawa imodzi, 0.75 kW, njokwanira. Mota yaikulu koposa apo siionjeza ufa. Ingopotokola shafuti tsiku limene cigayo cidzatsamwa.

KUSANKHA LAMBA

Malamba ali ndi zilembo. Wa cilembo A ali ndi mamilimita 13 m'lifupi mwace pamwamba, wa B ali ndi 17. Pa nchito iyi wa A ngwokwanira. Pule ndi lamba zikhale za cilembo cimodzi, ndipo pule ya lamba wa A isacepere mamilimita 75, cifukwa kupindika kwambiri kumang'amba lamba. Lamba akakhudza pansi pa ngalande, ndiye kuti watha, kapena pule yadyeka.

Pakati pa shafuti ndi shafuti siyani danga loposa ukulu wa pule yaikulu. Pa mapule a 75 ndi 300, danga la mamilimita 400 ndi labwino, ndipo lamba wace adzakhala wa mamilimita pafupifupi 1,420. Njira yapafupi ndiyo kumanga zonse coyamba, kuzungulitsa cingwe m'mapule awiriwo, ndi kupita naco cingweco ku sitolo. Nambala yotsatana ndi cilembo, monga A55, ichula utali wa lamba m'mainci.

KAMANGIDWE

Tebulo likhale la matabwa ocindikala kapena la zitsulo, ndipo miyendo yace izikike pansi. Kacitsulo kofinyira cigayo ku tebulo, kamene kamakwanira popukusa ndi dzanja, sikakwanira tsopano. Boolani ndi kumanga ndi mabauti. Mota ikhale pa thabwa lokhala ndi maenje atali, kuti muziisuntha pomanga ndi pomasula lamba. Pule iri yonse ikhale ndi kii wace ndi kabauti kofinyira. Musaiwocherere ku shafuti, pakuti tsiku lina mudzafuna kuicotsa.

Mapule awiri a lamba mmodzi apenyane molunjika. Gonekani thabwa loongoka kapena cingwe cokoka pa nkhope za mapulewo muone ngati lamba adzayenda mu mzere umodzi. Mapule okhota amadya lamba mbali imodzi ndi kumutembenuza.

Poika lamba, sunthani mota pafupi, mumulowetse ndi manja. Musamukakamize ndi citsulo, cifukwa ulusi wa m'kati umaduka osaoneka. Pomumanga, dinikizani ndi cala pakati pa mapule awiri. Lamulo lace ndi lakuti alowe mamilimita 16 pa mita iri yonse ya danga. Pa danga la mamilimita 400 alowe ngati mamilimita 6. Wolefuka amatereka ndi kutentha, womangika kwambiri amapha mabelingi. Lamba watsopano amatamuka, cotero mumuonenso litatha tsiku loyamba la nchito. Girisi ndi wa mabelingi; pa lamba pasagwe mafuta ngakhale dontho.

Musanaike lamba wotsiriza, yatsani mota muone kumene izungulira. Cigayo ciyenera kuzungulira mbali yomwe mumapukusira ndi dzanja. Cikabwerera m'mbuyo sicikoka njere, ndipo zomangira zace zimamasuka. Cogwirira cija cicotsedwe. Cikatsala cidzamenya munthu.

KUPEWA NGOZI

Dzanja likamva kulimba limaleka kupukusa, koma mota siimva kanthu. Mwa ici sungani malamulo awa:

1. Malamba onse ndi mapule abvundikiridwe ndi cochinga ca malata kapena ca waya wa maso ang'ono, comangidwa ndi mabauti. Cigayo copanda cochinga cisayatsidwe.

2. Wopera amange citenje cace bwino, apinde manja a malaya, ndipo duku lisalendewere. Mai wobereka mwana kumbuyo asayandikire lamba.

3. Njere zikaima, zikankheni ndi kamtengo, osati ndi cala. Cigayo cikatsamwa, zimitsani, zulani pulagi, ndipo pokhapo mutsegule.

4. Swici ikhale pafupi ndi dzanja la wopera, ndipo mawaya, pamodzi ndi waya wopita m'nthaka, aikidwe ndi munthu wodziwa za magetsi.

5. Magetsi akathima muli pa nchito, zimitsani swici nthawi yomweyo. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuthima maora ambiri pa tsiku. Magetsi amabwera osaodira, ndipo cigayo cosiyidwa coyatsa cimadzuka cokha ana ali kusewera pomwepo.

6. Injini ya petulo kapena ya dizilo ikhale panja kapena pa khumbi lopita mphepo. Utsi wace umapha m'nyumba yotseka.

KAPEREDWE

Cimanga cikhale couma bwino, colira pociluma, copepetedwa ndi cosankhidwa miyala. Maginito wa mu sipika yakale, womangirira pamene njere zitsikira, amagwira misomali ndi tizidutswa ta waya. Yatsani mbale ziri zomasuka, thirani njere pang'ono pang'ono, ndipo mufinye mbale kufikira zotuluka zikhale monga mufuna. Mbale zisakhulane popanda njere. Mukafuna zosalala, perani kawiri: koyamba kuswa, kaciwiri kusalaza. Gwirani ufa kawiri kawiri. Ukatentha m'manja, cigayo cipumule.

Musanyengedwe kuti lamba adzasandutsa kacigayo aka kukhala cigayo cacikulu. Ufa wosalala wa nsima ya banja lonse udzafunabe cigayo ca nyundo. Nchito ya cigayo ca pa tebulo ndiyo kuswa cimanga, mapira, soya ndi nyemba zina zosakaniza ndi gaga, kuti nkhuku, nkhumba, ana a ng'ombe ndi ng'ombe zokamidwa zidye. Soya ayambe wakazingidwa, pakuti wamuwisi amalepheretsa nkhuku ndi nkhumba kugaya bwino cakudya, ndipo sizikula. Cimanga ca nkhungu musacipere ndi kunena kuti nca ziweto cabe. Nkhunguyo imakhala ndi ululu wochedwa aflatoxin, umene sutha pogaya, ndipo ng'ombe ikaudya umatulukira mu mkaka umene ana anu amamwa ndi umene mugulitsa.

WERENGANI MTENGO COYAMBA

Musanagule, lembani zonse zofunika: mota, mapule anai, malamba awiri, mashafuti, mabelingi anai, mabauti, cochinga, ndi malipiro a mmisiri. Kenaka linganizani ndi ndalama zimene mumalipira ku cigayo pa caka, pamodzi ndi ulendo wace. Wokhala ndi nkhuku khumi apitirize kupukusa ndi dzanja. Wokhala ndi ng'ombe zingapo zokamidwa, kapena mabanja atatu anai ogwirizana, angapeze phindu.

Ngati mwatsimikiza, tengani pepala ili, nambala ya pa mota yanu ndi cigayo canu, mupite nazo kwa mlangizi wa zaulimi wa kwanu kapena kwa mmisiri wodziwa makina, kuti muwerengere pamodzi ukulu wa mapule musanatulutse ndalama. Safunsa anadya phula.