Kugula Nyumba m'Fakitale Yakale ku Johannesburg

Funso: Bambo mlangizi, ndifuna kugula nyumba ku Maboneng, mumzinda wa Johannesburg, m'chinyumba chimene kale chinali fakitale. Kodi ndichenjere ndi chiyani?

Yankho: Mwafunsa mwanzeru, mbale wanga. Ngakhale denga lalitali ndi mazenera aakulu zikukopani maso, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, pakuti zinyumba zomangidwira makina kawirikawiri zimabisa mapaipi adzimbiri, mawaya okalamba ndi asibesitosi, amene boma la South Africa linaletsa m'chaka cha 2008. Popeza lamulo la Sectional Titles la 1986 limati denga ndi makonde n'za eni nyumba onse pamodzi, mudzasonkha nawo ndalama zokonzera mwezi ndi mwezi. Chotero musanasaine, pemphani mabuku a chuma a bungwe la eni nyumbawo (body corporate), ndipo muitane katswiri wa zomangamanga kuti ayendere chinyumba chonsecho.