"Ndi wa mapepala chabe": nikah ndi nkhani ya ziphaso ku Joni



Lero ndikufuna tiphunzire nkhani imene timainong'ona kwambiri koma pa khutba siimveka kawirikawiri: kukwatira kapena kukwatiwa ndi nzika ya dziko lina pofuna mapepala. Ndikamba za South Africa, poti ndi kumene kuli anzathu ambiri ochokera ku Mangochi, Machinga, Balaka ndi Salima.

Pasipoti ya Malawi amaidinda masiku 30 polowa. Masikuwo akatha munthu sabwerera, chifukwa anapitira ntchito osati kukacheza. Kuyambira pamenepo amayenda chocheukacheuka. Akaona galimoto ya apolisi mtima umagunda, poopa kukathera ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasungira anthu odikira kubwezedwa kwawo. Bwana akamubera malipiro alibe kokadandaula. Moyo umenewu ndi wotopetsa, ndipo ine sindimuseka munthu amene watopa nawo. Ndiye tsiku lina mnzake amamunong'oneza kuti: "Aise, pali mayi wina wa konkuno, ukamupatsa kangachepe mukasainirana. Usaope, si ukwati weniweni, ndi wa mapepala chabe."

Pa mawu akuti "chabe" ndi pamene ndikufuna tiimepo.

Hadith yoyamba mu Sahih Bukhari, imene anaifotokoza Umar bin Khattab (r.a), ndi ija ya niya, ndipo ambiri tinailoweza ku madrasa. Timakumbukira chiyambi chake chokha. Koma kumapeto kwake ikukamba za munthu wosamuka, ndipo ikutchula zinthu ziwiri zimene zingamusamutse kupatula Allah ndi Mtumiki Wake: za m'dziko, ndi mkazi woti amukwatire. Taonani, ulendo, chuma ndi ukwati zili mu hadith imodzi, ngati kuti ikukamba za ife. Choncho funso loyamba si la kwa loya ayi, ndi la mumtima mwako: ndikufuna munthuyu kapena ndikufuna ID yake?

Tsopano "ukwati wa mapepala" umayenda njira ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi vuto lake.

Njira yoyamba, mwachitadi nikah. Walii analipo, mboni ziwiri zinamva, mahari anatchulidwa, uyu wapereka uyu walandira. M'bale wanga, ameneyo ndi mkazi wako, basi. Mu hadith imene anailemba Abu Dawud ndi Tirmidhi, Mtumiki (s.a.w) anatiphunzitsa kuti nikah, talaka ndi kubwererana zimachitika ndithu ngakhale munthu anene kuti amangocheza. Ndiye chakudya chake, chovala chake ndi pogona pake zili pa iwe, ndipo ngati nonse ndinu Asilamu, wina akamwalira mnzake ali ndi gawo pa chuma chamasiye. Qur'an yolemekezeka pa Surat Nisaa ndime 21 ikulitcha pangano la ukwati kuti ndi lolemera, ndipo liwu lomwelo lagwiritsidwanso ntchito pa Surat Ahzab ndime 7 pokamba za pangano limene Allah anatenga kwa aneneri. Chinthu choterocho sungachisandutse risiti. Ndipo mukachita kugwirizana pomanga nikah kuti "pepa likatuluka tisiyana", mwaika malire a nthawi pa ukwati, zimene madhhab onse anayi amakaniza.

Njira yachiwiri, nikah palibe, mwangosaina ku Home Affairs. Ena amati apa ndiye palibe tchimo poti chipembedzo sichinakhudzidwe. Zoona zimenezo? Mlendo akamakwatira nzika, pamakhala mafunso kwa ofisala woona za anthu olowa m'dziko. Munakumana kuti, mumakhala kuti, abale akudziwana? Mumaloweza mayankho abodza, kujambulitsa zithunzi zabodza, ndi kukokerapo anzanu kuti aikire umboni. Abu Bakra (r.a) akusimba mu Bukhari ndi Muslim kuti Mtumiki (s.a.w) ankatchula machimo akuluakulu atatsamira, koma atafika pa umboni wabodza anadzuka kukhala tsonga, n'kumabwerezabwereza mpaka maswahaba analakalaka atasiya. Komanso pofuna kuti bodzalo lioneke loona, ena amayamba kukhala nyumba imodzi. Mwamuna ndi mkazi osamangitsa nikah, chipinda chimodzi cha lendi, miyezi n'kumapita. Sindikufunika kumaliza.

Pali china chimene wonong'oneza uja sakuuza: setifiketi ya ukwati si chiphaso chokhalira m'dziko. Malinga ndi Immigration Act ya 2002, wokwatira nzika amapempha kaye visa ya kanthawi, ndipo boma liyenera kukhutira kuti banjalo ndi lenileni. Chilolezo chokhazikika, pa gawo 26(b), amachipempha munthu amene wakhala m'banjamo zaka zisanu, ndipo banja likatha pasanathe zaka ziwiri chitulukireni, chimagwa, pokhapokha ngati latha ndi imfa. Werengani zakazo. Bodza lake si la tsiku limodzi losaina lija, ndi lolinyamula Ramadan zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo.

Kwa amene masiku anamuthera kale n'zovutirapo. Chiyambire 2014, munthu wopitiriza masiku oposa 30 akamatuluka amamulemba kuti ndi wosafunika, ndipo saloledwa kubwereranso kwa zaka zisanu. Mu 2019 khoti la Constitutional Court, pa mlandu wa Nandutu, linalola kuti mwamuna kapena mkazi wa nzika asinthe visa yake ali m'dziko momwemo, koma nkhaniyo inali ya anthu okhala ndi visa ya mlendo. Amene alibiretu kanthu ayenera kupempha kaye chilolezo chapadera kuti pempho lake limvedwe, ndipo akhoza kukanidwa. Ndiye munthu angathe kulipira ma Rand ake onse, n'kukhala ndi mkazi m'kaundula wa boma, koma pepa osaliona. Panthawi yonseyo khosi lake lili m'manja mwa wosaina naye uja. Akafuna ndalama zina, ukana bwanji? Ndipo dzina lako m'kaundulamo silichoka ndi talaka ya pakamwa, mpaka khoti lithetse ukwatiwo.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti Mmalawi asakwatire mwana wa ku Durban kapena ku Cape Town. Ngati mwakondana, mukufuna kumanga banja lokhalitsa, ndipo mapepala akubwera ngati chotsatira chake, Alhamdulillah, ndi riziki limenelo. Kukhala ndi phindu la m'dziko mu ukwati si haramu. Chimene ndimapempha n'chakuti unene zoona nikah isanachitike. Mtsikanayo ndi walii wake adziwe kuti masiku ako anatha, kuti tsiku lina ungathe kugwidwa, kuti mwina mudzafunika kukakhala ku Malawi kwa zaka. Akavomera akudziwa, ndi chisankho chawo. Akavomera chifukwa unabisa, wawanyenga. Kenako pitani kwa anthu odziwa malamulo, osati kwa ajenti wa pakona. Mabungwe ngati Lawyers for Human Rights ndi Scalabrini Centre ya ku Cape Town amathandiza alendo pa nkhani zoterezi.

Alongo anga, inunso zimakupezani, ndipo mwina kwa inu n'zowawa koposa. Surat Baqara ndime 221 ndi Surat Mumtahana ndime 10 ndi maziko a lamulo loti mkazi wa Chisilamu sakwatiwa ndi mwamuna yemwe si Msilamu, ndipo pepa silisintha zimenezo. Komanso walii wanu sanathe uwalii chifukwa ali ku Namwera. Foni ilipo, angathe kutuma womuimira. Musamangotola "malume" wa pa Joni amene mwadziwana naye mwezi watha.

Ndasiyira dala kumapeto munthu amene pa zokambirana zonsezi satchulidwa: mkazi wa kumudzi. Anyamata ambiri amanyamuka atamangitsa kale nikah, ena atasiya ana. Ukwati wolembetsa pa Marriage Act ya 1961 ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndipo mlendo amafunsidwa kalata yochokera kwawo yotsimikiza kuti palibe chomuletsa kukwatira. Wina anena kuti, "Koma Chisilamu chimalola mitala." Inde chimalola, pamodzi ndi udindo wa chilungamo. Koma pa fomu ija sukulemba kuti ukutenga mkazi wachiwiri. Ukulemba kuti ulibe mkazi. Mayi amene akulima munda wako, akusamalira amayi ako, amene amakudikira pa WhatsApp usiku uliwonse, wamufafaniza ndi cholembera, iye osadziwa. Ngati pali amene ali pafupi kusaina fomu imeneyi sabata ino, ayambe wamuimbira mkazi ameneyu n'kumuwerengera zimene zalembedwapo.

Wallahu a'lam.