Udalaivala wa Thiraki: Tione Mkati Mwake Tisanagulitse Mbuzi

Pa zokambirana zathu za ntchito za m'tsogolo, ntchito imene anyamata amaitchula kawirikawiri ndi yoyendetsa thiraki, ndipo masiku ano atsikana ena ayambanso kuitchula. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Dalaivala akafika pamudzi amatsika ndi thumba la mpunga ndi foni yatsopano, ndipo amakamba za Beira, Dar es Salaam ndi Joni ngati akukamba za pamsika pathu pompa. Ine sindikufuna kukugwetsani ulesi ayi. Ndi ntchito yeniyeni. Dziko lathu lilibe doko la panyanja ya mchere, choncho mafuta ambiri, feteleza, komanso fodya ndi tiyi amene timagulitsa kunja, zimayenda pa mathiraki amenewa. Koma tisanauze makolo kuti agulitse mbuzi zolipirira sukulu ya galimoto, tiyeni tidziwe chimene tikulowamo.

Choyamba, laisensi ya galimoto yaing'ono, ya B ija, siyokwanira. Thiraki yokoka ngolo imafuna laisensi ya EC, ndipo pamwamba pake pamafunika chilolezo china cha a Road Traffic chotchedwa PrDP, chosonyeza kuti ukhoza kunyamula katundu monga ntchito. Wonyamula mafuta amafunikanso chilolezo cha katundu woopsa. Wotuluka kunja afunika pasipoti. Zonsezi ndi ndalama, ndipo ukazipeza mwini galimoto amakufunsabe kuti, "Wayendetsapo zaka zingati?" Palibe bwana amene amapereka galimoto ya mamiliyoni ambirimbiri kwa munthu wongotuluka kumene kusukulu. N'chifukwa chake ambiri amayamba ngati othandizira dalaivala, kumanga tenti, kusintha matayala, kuphika nsima pansi pa ngolo, nthawi zina kwa zaka, malipiro ake osadziwika bwino.

Tsopano nkhani ya malipiro, imene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Ndalama za dalaivala zimabwera pawiri. Pali malipiro a pamwezi, ndiye pali alawansi ya paulendo, yogulira chakudya ndi zina zofunika panjira. Ndalama zimene timaona dalaivala akutulutsa m'thumba pa malo ochitira malonda nthawi zambiri ndi alawansi imeneyi, kapenanso ndalama za kampani zolipirira misewu ndi zipata. Si zake zonse. Ifeyo timangoona mtolo wa ndalama n'kumati munthuyu ndi wolemera.

Malipiro a pamwezi akhala akudandaulitsa madalaivala kwa nthawi yaitali. Mu Seputembala 2021 madalaivala a mathiraki adanyanyala ntchito, ndipo m'masiku ochepa mafuta adayamba kusowa m'malo omwetsera galimoto. Limodzi mwa madandaulo awo linali lakuti mabwana ena sankapereka K140,000, malipiro ochepetsetsa amene boma lidakhazikitsa kwa oyendetsa mathiraki akuluakulu opita kunja. Nthawi imeneyo malipiro ochepetsetsa a antchito ambiri anali K50,000, ndiye mukhoza kunena kuti dalaivala anali pabwino. Koma taonani mfundo ziwiri. Yoyamba, lamulo likhoza kukhalapo koma bwana osalitsatira. Yachiwiri, dalaivala wa kunja amagula chakudya ndi ndalama za eni dziko. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mbale ya nsima ya ku Tete siidatsike mtengo chifukwa cha zimenezo. Boma lakhala likukweza malipiro ochepetsetsawa kuchokera nthawi ija, choncho pitani ku ofesi ya Labour ya m'boma lanu mukafunse chiwerengero cha chaka chino musanavomere ntchito.

Tiyerekeze motere. Bwana wakupatsa alawansi ya masiku 5, kuchoka ku Blantyre kudzera pa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka ku Beira ndi kubwerera. Wafika kudoko, katundu sanakonzeke, wadikira masiku 3. Pobwerera mapepala avuta pachipata, wagona masiku ena 2. Masiku 5 owonjezerawo udya chiyani? Ngati simudagwirizane kale kuti tsiku lililonse lodikira lili ndi ndalama yake, udya malipiro ako a pamwezi, amene kunyumba akuwadikira. Palinso kudula. Dizilo akaperewera, tayala likaphulika, katundu akanyowa, makampani ena amachotsa pa malipiro a dalaivala. Onyamula mafuta amadziwa bwino vuto limeneli, chifukwa malita akapezeka ochepa potsitsa, woyamba kulozedwa chala ndi iye.

Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati wolembedwa ntchito apatsidwe zogwirizana zolembedwa, ndipo limaika maola 48 pa sabata ngati nthawi yogwirira ntchito. Kunena zoona, pamsewu maola amenewa amangokhala papepala. Komabe pepala la mgwirizano ndi lofunika, chifukwa ukalibe ulibe poyambira mlandu. Pa penshoni, bwana amayenera kuika 10 peresenti ndipo iwe 5 peresenti. Funsani ngati ikuikidwadi.

Za msewu weniweniwo sinditalikitsa. Tulo ndiye mdani wamkulu, makamaka pamene bwana akuimba foni kuti katundu wachedwa. Aliyense amene adatsikapo phiri la Chiweta akudziwa zimene thiraki yolemera imachita mabuleki akatentha. Msana umapweteka, malungo amakupeza uli m'dziko la eni, ndipo pali zoopsa zosadziwika tsiku lake. Mu 2016 mathiraki ena a ku Malawi adaotchedwa pa nthawi ya mkangano wa boma la Mozambique ndi Renamo, ndipo ku South Africa madalaivala obwera akhala akuchitidwa chipongwe, mathiraki kuotchedwa, makamaka pamsewu wa N3 wopita ku Durban.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi kalabu yathu? Pamene pali kudikira paja. Munthu ali ndi ndalama m'thumba, ali kutali ndi kwawo milungu iwiri kapena itatu, palibe chochita kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo mowa uli pafupi. Ndi pamene ambiri amapezera chibwenzi cha panjira. Ndikupempheni, tisamanene kuti madalaivala ndiwo amabweretsa Edzi. Mawu amenewo ndi tsankho, ndipo amachititsa munthu kuopa kukayezetsa. Kachilombo ka HIV sikakhala m'chiwongolero. Chimene chimaika munthu pachiswe ndi kugonana kosadziteteza, kaya ndi dalaivala, mphunzitsi kapena mlimi. Kungoti ntchito iyi imasonkhanitsa mayesero ambiri pamalo amodzi, komanso chipatala chimatsegula masana pomwe dalaivala sangasiye galimoto yodzadza katundu. Pozindikira zimenezi, mu 2005 bungwe la WFP pamodzi ndi kampani ya TNT adatsegula kachipatala ka madalaivala pachipata cha Mwanza, ndipo ntchito imeneyo ndiyo idabala bungwe la North Star Alliance mu 2006.

Amene mukufunabe ntchitoyi, makondomu azikhala m'chikwama monga mmene jeke amakhalira m'galimoto. Ngati mulibe kachilombo koma mukuona kuti moyo wanu uli ndi chiopsezo, kafunseni za PrEP kuchipatala. Ngati kondomu yaphulika, pali PEP, koma iyenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo imamwedwa masiku 28. Ngati muli kale pa ma ARV, ntchitoyi mukhoza kuigwira bwinobwino. Auzeni adokotala za maulendo anu, chifukwa amene akumwa mokhulupirika amatha kupatsidwa mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi. Nyamulani oposa masiku a ulendo, poti taona kale kuti masiku 5 amasanduka 10, ndipo kabuku ka kuchipatala kasatsale. Dziwaninso kuti lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 sililola bwana kukukakamizani kuyezetsa magazi kuti akulembeni ntchito.

Asisi anga a m'mbali mwa msewu wa M1 ndi m'zipata monga Dedza, Mchinji ndi Songwe, inunso nkhaniyi ndi yanu. Lifiti yaulere ndi sopo wa kunja zimakoma tsiku loyamba, koma mwaona tsopano kuti ndalama zimene mukuzionazo mwina ndi za chakudya cha munthu wa banja lake, amene mawa adzakhala ali ku Kasumulu.

Pamsonkhano wa sabata ino, gawanani m'magulu awiri. Gulu lina likhale bwana, lina likhale wofuna ntchito, ndipo wofuna ntchitoyo ayeserere kufunsa mwaulemu koma mosaopa: malipiro a pamwezi ndi angati, tsiku lodikira pachipata amalipira ndani, tayala likaphulika amadula kwa yani, nanga ndikadwalira ku Beira ndibwera bwanji? Ngati m'dera lanu muli dalaivala amene adapuma ntchito, apempheni a patironi amuitane adzakhale nawo, ndipo mumufunse kuti pa chaka ankagona kunyumba masiku angati.