Phunziro 18: Kuyenda pa Zigoba za Mazira

Cigoba ca dzira sicilimba. Mukaciponda pang'ono cabe, cimaphwanyika. M'Cingelezi muli mau akuti "walking on eggshells". Walking ndi kuyenda. Eggshells ndi zigoba za mazira. Koma wokamba mau awa sanena za mazira enieni iai. Atanthauza kusamala kwambiri pokamba ndi munthu amene mtima wake uli kuwawa, kuti asakalipe kapena kulira.

Werengani nkhani iyi.

Tsiku lina njinga ya amalume a Tisa inabedwa pamsika. Njingayo ndiyo anali kunyamulira makala ogulitsa. Amalume anabwera kunyumba wapansi. Anakhala pakhonde cete, dzanja lili patsaya.

Mabvuto, mlongo wake wa Tisa, anathamanga kuti akapemphe ndalama ya mabuku. Tisa anamugwira dzanja.

"Iwe, osati lero. Suona kuti amalume adandaula?" Tisa ananong'ona.

Tisa anatenga madzi m'kapu. Anagwada nati, "Amalume, madzi awa. Pepani ndi zimene zacitika."

Mabvuto anazima wailesi. Anawo anapita kukasewera kuseri kwa nyumba.

Amai anawapeza komweko nati, "Mwacita bwino, ana anga. Today we are walking on eggshells."

"Amai, mazira ali kuti?" Mabvuto anafunsa.

Amai anamwetulira. "Mazira palibe, mwana wanga. Mtima wa amalume ako ndiwo uli monga dzira lero. Mau amodzi oipa angauphwanye."

Patapita masiku awiri, mtima wa amalume unakhala pansi. Mabvuto anapempha mwaulemu, ndipo amalume anamuyankha bwino.

Kumbukirani

Kusamala pokamba si kunama. Ndi kusankha mau abwino ndi nthawi yabwino. Koma mwana safunika kukhala ndi mantha masiku onse. Ngati wina amamuopseza kapena kumumenya, auze aphunzitsi kapena wamkulu amene amamukhulupirira.

Yankhani mafunso awa.

1. Kodi eggshells ndi ciani m'Cinyanja?
2. N'cifukwa ciani amalume anali kudandaula?
3. Kodi Tisa anawauza ciani amalume?
4. Mnzanu walephera mayeso. Mungamuuze mau otani?

Nchito

Khalani awiriawiri. Wina akhale amalume, wina akhale Tisa. Citani sewero la nkhaniyi.