Msewu wa pa Msana wa Mtunda

Munthu akaima pa mphambano ya Bembeke, aona magalimoto ena alikupita kumpoto ndi ena kumwera. Msewu waukulu umenewo dzina lake ndi M1. Uchokera ku mtsinje wa Songwe, pa malire a Tanzania, nupyola Mzuzu, Kasungu ndi Lilongwe, nukwera kufika patsinde pa phiri la Dedza, limene msinkhu wake ndi mamita 2,198 kuchokera pa nyanja yamchere. Ukapitirira Bembeke ufika ku Lizulu ndi ku Ntcheu, nutsikira ku chigwa cha Shire, ulendo wa ku Blantyre ndi Nsanje.

Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu uyenda pamsana penipeni pa mtunda. Olambula msewu anachita mwanzeru potsata pamenepo, pakuti pamsana mitsinje ili yaing'ono, ndipo sipafunika milatho yaikulu. Kum'mawa dziko litsetsereka koopsa. Amene anatsikapo ku Golomoti pa msewu wa Khwekhwerere adziwa umo ukhotera ngati njoka, ndi umo galimoto yolemera ilirira pokwera.

Msana womwewo ugawanso madzi. Mvula yogwa kum'mawa ithamangira ku Nyanja ya Malawi, koma yogwa kumadzulo ilowa m'mitsinje yopita ku Zambezi. Tsono m'chaka cha 1891, Angerezi ndi Apwitikizi popangana za malire a maiko awo, anasankha mtunda wogawa madziwo. Ndicho chifukwa chake m'malo ambiri msewu ndi malire ziyendera limodzi: mbali ino ndi Malawi, tsidya la msewu ndi Angonia, m'dziko la Mozambique. Koma Azungu aja sanafunse eni ake a midzi. Anthu a mbali zonse ziwiri ndiwo Angoni ndi Achewa, chinenero chawo ndi chimodzi, akwatirana, nalirana maliro. Pa msika wa Lizulu palibe angathe kunena kuti kachewere uyu kapena kabichi uyu anamera m'dziko liti.

Chibale chimenechi chinayesedwa pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Makamaka kuyambira 1986, anthu ambirimbiri anathawa midzi yawo itatenthedwa, naoloka msewu atasenza ana ndi timitolo, nafika ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mafumu anawapatsa malo omangapo misasa, ndipo ambiri analandiridwa ndi abale awo, ngakhale nkhuni ndi minda zinachepa ndithu. Apaulendo a masiku amenewo anali kuona mbali imodzi ya msewu yodzala ndi nyumba, ndi mbali inayo mabwinja okhaokha. Nkhondo inatha mu 1992, ndipo m'zaka zotsatira othawawo anaolokanso msewu, nakamanga pa mabwinja a makolo awo.