Mpeni kutsogolo, misomali kumbuyo: kusankha zogwirira njira pa snowmobile

Mwezi wa Novembala ukamatha ku Quebec, ku Ontario ndi kumpoto kwa Minnesota, m'magalaja a mabanja ambiri mumamveka kulira kwa masipanala. Anthu amakhala akukonza snowmobile, njinga yamoto yoyenda pa chipale, yomwe kutsogolo ili ndi maski awiri okhotetsera, kumbuyo ili ndi lamba wa labala wamanomano amene amakankha thupi lonse. Chiyambire 1959 pamene Joseph-Armand Bombardier adayamba kugulitsa Ski-Doo ku Valcourt, makinawa akhala akulowa m'makomo, moti lero Quebec yokha ili ndi njira zake zotalika makilomita oposa 30,000 zomwe makalabu amasalaza ndi mathirakitala. Ngati banja lanu lagula imodzi, kaya yatsopano kaya yakale, pali tizitsulo tamitundu iwiri timene muyenera kutidziwa musanayambe kudandaula za mphamvu ya injini: carbide ya pansi pa ski ndi misomali ya pa lamba. Ziwirizi sizisankhidwa padera. Mukakhudza chimodzi, mwakhudzanso chinzake.

Njira yosalazidwa imasintha tsiku lomwelo. M'mawa thirakitala itangodutsa, chipale chimakhala cholimba bwino ndipo lamba wopanda msomali ndi umodzi womwe amagwira. Pofika masana padutsa makina ambirimbiri, aliyense akumanga buleki polowa m'kona ndi kuponda moto potuluka. Chipale chonse chimakokoloka n'kukaunjikana m'mbali, pakati n'kutsala ayezi wonyezimira. Pamenepo pulasitiki ya ski ndi labala ya lamba sizigwira kanthu, chimene chimaluma ndi chitsulo chokha.

Gonekani snowmobile cham'mbali pa katoni, muone pansi pa ski. Mupeza kamtengo kachitsulo kotalika, komangidwa ndi manati kuchokera pamwamba. Pakati pake adawotchererapo tizidutswa totuwa takuthwa, tondondozana ngati mzere umodzi. Imeneyo ndiyo carbide, chitsulo cha tungsten cholimba kwambiri kuposa chitsulo wamba, ndipo ndicho chimadula ayezi mukakhotetsa mahandulo. M'sitolo akanena kuti mainchi 4, 6, 8 kapena 10, akunena utali wa mzere wakuthwawo, osati wa kamtengo konse. Pali nambala inanso, ya kapendekedwe ka mpeniwo. Wa madigiri 60 ndi wakuthwa kwambiri, umaluma ayezi mwaukali koma umabuntha msanga. Wa madigiri 90 umaluma pang'ono koma umapirira. Ngati njira yanu imadutsa misewu ya phula pafupipafupi, kapena mumakamwetsa mafuta pamalo othira simenti, wakuthwa kwambiriwo simukhala nawo nthawi. Phula ndi miyala ndizo zimadya carbide, chipale sichiidya.

Muyese ndi chala, mosamala. Ngati m'mphepete mwaviringika, ngati kachidutswa kena kathothoka n'kusiya mpata, kapena kamtengo kapindika kaya kapyapyala kutsogolo, nthawi yosintha yakwana. Sinthani mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, chifukwa ski ina ikamaluma ina ikuterereka, makina amakhota bwino mbali imodzi yokha. Ntchito yake ndi yochepa: kumasula manati, kugogoda pang'ono ndi hamala, kulowetsa chatsopano n'kumanga. Mukazengereza, chitsulo chimatha ndipo njira imayamba kudya ski yeniyeniyo, yomwe mtengo wake ndi wokwera kwambiri.

Misomali ya pa lamba anthu ambiri amaigula pofuna kunyamuka mwa liwiro. Ine ndimaona kuti phindu lake lenileni lili pa kuima. Buleki ya snowmobile imagwira lamba yekha, kutsogolo kulibe buleki. Lamba akatserereka pa ayezi, palibenso china chokuimitsani, ndipo mbuyo imayamba kupita cham'mbali kufuna kupitirira kutsogolo. Pa mtsetse wolowera ku msewu wa magalimoto, kapena m'kona mmene mwakumana mwadzidzidzi ndi mnzanu wochokera kutsogolo, misomali ndiyo imafupikitsa mtunda umene mumaimira.

Apa ndiye pagona nkhani. Misomali ikachuluka koma carbide n'kukhala yaifupi, mbuyo imakankha molunjika ndipo maski amalephera kuitembenuza. Inu mwakhotetsa mahandulo mpaka kumapeto, makina akungopita kumene kuli mitengo. Carbide ikatalika koma lamba alibe misomali, kutsogolo kumaluma n'kukhota mwamsanga, mbuyo n'kukupizika, mwina mpaka kutembenuzika. Onjezanipo kuti mukaponda moto, kulemera kumathawira kumbuyo ndipo maski amapepuka, monga zimachitikira njinga yosenza matumba a makala pakaliyala ikamakwera chitunda. Choncho funso loyamba si lakuti carbide yabwino ndi iti, koma lakuti pa lamba wanu pali chiyani.

Muyezo umene anthu a m'njirazi amayambira ndi uwu. Lamba wopanda misomali, kapena wa misomali yochepa, amayenda ndi carbide ya mainchi 4. Misomali ikakhala pakati pa 96 ndi 144, mainchi 6 amakwanira. Mainchi 8 ndi a lamba wa misomali 144 kupita m'mwamba, kapena makina aatali olemera. Mainchi 10 asiyireni a mipikisano. Uwu ndi poyambira chabe, chifukwa lamba wautali amakankha molunjika kuposa wamfupi ngakhale opanda msomali, ndiponso kulemera kwa wokwera kumasintha zinthu. Makampani a ku Michigan amene amadziwika pa zitsulozi, Woody's ndi Stud Boy, ali ndi matebulo a mtundu uliwonse wa makina, ndipo ndi bwino kuwaona musanatulutse ndalama.

Nambala za 96 ndi 144 sizidangobwera. Lamba wa mainchi 121, amene adali wofala kwa zaka zambiri, ali ndi mizere 48 yopingasa. Misomali iwiri pamzere uliwonse ndi 96, itatu ndi 144, inayi ndi 192. Lamba wa masiku ano wa mainchi 137 alinso ndi mizere 48, pomwe wa mainchi 129 ali ndi 45, ndiye pa ameneyo mumawerenga 90 kapena 135. Werengani mizere ya lamba wanu nokha, mutalemba choko poyambira. Injini yamphamvu imafuna misomali yochulukirapo, osati chifukwa cha matama ayi, koma kuti katundu agawanike. Ikachepa, msomali uliwonse umasenza mphamvu yoposa muyezo wake, umapindika kapena kuzuka n'kung'amba labala.

Utali wa misomali nawo ndi wofunika kusamala. Nsonga ya msomali iyenera kupitirira dzino la lamba ndi kota ya inchi mpaka 3/8, ndiye kuti mamilimita 6 mpaka 10. Ikachepera pamenepo, sifika pa ayezi. Ikapitirira, msomali umapindika msanga ndipo umayamba kukanda pamwamba pake. Pamwambapo, mkati mwa chibokosi cha aluminiyamu chimene mumakhalira, m'makina ambiri mumadutsa mapaipi aphwathalala a madzi oziziritsa injini. Msomali ukabowola pamenepo, madzi amatayika ndipo injini imatentha muli pakati pa nkhalango, kuzizira kuli pansi pa ziro. N'chifukwa chake pamaikidwa tizitsulo kapena timapulasitiki totchinga m'chibokosimo musanakhome msomali woyamba. Musadumphe zimenezi pofuna kupulumutsa ndalama. Dziwaninso kuti makampani sayeza utali wa msomali mofanana, choncho nambala ya pa paketi ya kampani ina musaitengere kwa ina.

Si lamba aliyense amene amalola kubowoledwa. Malamba ambiri atsopano ali ndi nsalu imodzi yokha mkati kuti apepuke, ndipo amafuna misomali ya mutu waukulu yopangidwira iwowo. Malamba a mano aatali, a mainchi 2 kapena kuposa, ndi a kumapiri ndi chipale chakuya, sakhomedwa misomali yoboola, komanso pa njira yolimba amatentha. Wa pa njira yosalazidwa amakhala ndi mano a pafupifupi mainchi 1.25. Buku la makina anu limanena ngati lamba ali wololedwa ndiponso malo oyenera kubowola, amene nthawi zambiri ndi chigawo chapakati. M'mphepete msomali umagwira kwambiri koma ndi mmenenso umang'amba msanga. Ngati zonsezi zikukuvutani, pali malamba monga Ice Ripper a kampani ya Camso amene amabwera ali ndi timisomali tating'ono m'mano mwake. Sagwira ngati misomali yaikulu, koma amathandiza pa buleki ndipo safuna kubowola.

Mukasankha kukhoma nokha, konzekerani tsiku lonse ndi munthu wokuthandizani. Kwezani mbuyo, chotsani kiyi ndi chingwe chozimitsira injini. Gulani pepala lolondolera pobowola, limene limamwaza misomali kuti isamadutse mu kanjira kamodzi pa ayezi. Misomali iwiri yotsatizana mu kanjira kamodzimodzi ndi kutaya ndalama, chifukwa wachiwiri umangodutsa mu ngalande imene woyamba wakumba kale. Bowolani ndi chobowolera cha labala, chamkati mwa mphako, osati cha matabwa. Msomali umalowa kuchokera mkati mwa lamba, kunja mumaika kambale kochirikiza ndi nati, n'kumanga mpaka mutu wake utamira molingana ndi labala. Yendetsani chala: ngati mutu watumphuka, udzamenya timatayala ta mkati ulendo uliwonse mpaka kutiwononga. Mukamanga mopitirira, mumafinya nsalu ya lamba. Mukabwera ku ulendo woyamba, pitaninso pa nati iliyonse. Ndipo tsiku lililonse limene lamba akuzungulira mbuyo ili m'mwamba, pasakhale munthu kumbuyoko, makamaka mwana. Msomali wozuka umauluka ngati mwala wa legeni.

Pali vuto lina limene anthu amathamangira kugula zitsulo pomwe mwina mankhwala ake ndi aulere. Mukuyenda pa njira yowongoka, makina amayamba kugwedeza mutu uku ndi uku, mahandulo akulimbana ndi manja anu. Chimene chikuchitika n'chakuti carbide yanu ikugwera m'timizere tosiyidwa ndi makina amene adutsa kale, n'kumatsatira kamzere aka, kenako ako. Musanagule kanthu, yezani maski. Imikani makina pamalo osalala, mahandulo atalunjika, muyeze mtunda wa pakati pa zitsulo ziwiri zija kutsogolo ndi kumbuyo. Kutsogolo kuyenera kutakasuka pang'ono kuposa kumbuyo, pafupifupi mamilimita 3, kapena monga buku lanu likunenera. Maski akapanikizana kutsogolo, kugwedezako sikungathe ngakhale mutagula zodula bwanji. Onaninso labala ya pakati pa ski ndi mwendo wake. Ikaphwanyika, ski imaweramira kutsogolo ndipo nsonga ya carbide ndiyo imayamba kuluma. Kachidutswa kopyapyala koikidwa kumbuyo kwa labalayo kamabweza kulemera kumbuyo kwa ski, ndipo nthawi zambiri vuto limachepa. Zikakanika apo, ndiye yesani zitsulo za mipeni iwiri monga Dooly ya Woody's kapena Deuce ya Stud Boy. Zimathetsa kugwedezako bwino ndithu, koma pa chipale chofewa zimakonda kukankha molunjika m'kona. Maski a Pilot TS a Ski-Doo ali ndi kotembenuza kokweza ndi kutsitsa mpeni, moti mumasintha muli panjira.

Ganizirani amene adzakwere. Carbide yaitali imalemeretsa mahandulo, ndipo ulendo wa makilomita 150 umatopetsa mapewa a munthu wamphamvu yemwe. Ngati makinawo mumagawana ndi mayi a kunyumba, bambo okalamba kapena mnyamata wongolandira kumene chilolezo, sankhani zoti wofooka mwa onse azitha kukhotetsa mosavutika. Pa njira za ku Ontario malire a liwiro ndi makilomita 50 pa ola, ku Quebec ndi 70. Pa liwiro limenelo banja silifuna zida za mpikisano.

Zitsulozi zimaononganso pakhomo. Carbide imalemba mizere pa simenti ya galaja, misomali imakumba thabwa la ngolo yonyamulira. Gulani timatayala toika pansi pa maski ndi mphasa ya labala yoyala pansi pa lamba. Chilimwe chikafika, pakani girisi pa zitsulo za maski zisachite dzimbiri. Funsaninso malamulo a kumene mukupita: ku Minnesota, mwachitsanzo, pali njira zina zothiridwa phula zimene makina a misomali saloledwa. Ndipo misomali imagwira ayezi wa pa nyanja koma simulimbitsa. Nthambi ya zachilengedwe ya boma la Minnesota imati snowmobile imafuna ayezi watsopano, woyera, wochindikala mainchi 5 mpaka 7.

Kwa banja loyenda m'njira zosalazidwa ndi makina a injini yapakatikati, ine ndingayambe ndi kuyeza maski, kenako carbide ya mainchi 6 ndi misomali iwiri kapena itatu pamzere, pakati pa lamba pokha. Ngati ndalama za misomali palibe chaka chino, khalani pa mainchi 4, muziyamba kumanga buleki kona ili patali. Musaike mainchi 8 pa lamba wopanda misomali.