Wotchi ya alamu yaduka lamba

Azakhali,
Ndinabwereka wotchi ya alamu anga kuti ndikaonekeko bwino kuchinkhoswe cha mnzanga. Gule ali m'kati, lamba wake wachitsulo anaduka, wotchi n'kugwera pa udzu. Ikuyendabe, koma eni ake akuifuna Lamlungu. Mnzanga akuti ndingomata ndi supagulu. Ndichite bwanji?
Wosowa tulo, Ndirande

Mwana wanga, ndiye iwe unapita kuchinkhoswe cha eni ndi wotchi ya eni, n'kumakweza dzanja m'mwamba pofupa kuti atsikana aone kunyezimira? Akuluakulu ananena kale kuti nguwo yobwereka siilimba m'thupi. Koma ugone tulo. Ngati wotchi ikuyenda, mlandu wako ndi waung'ono. Lamba wachitsulo sathyoka wambawamba, kawirikawiri chimene chachoka ndi kapini kamodzi basi.

Mnzako wa supaguluyo umupatse moni wanga, koma nzeru zakezo asunge. Timfundo ta lambayo tinapangidwa kuti tizipindika potsata mkono. Ukathira guluu tiuma gwa, chitsulo chichita mbuu, ndipo padukanso pomwepo, mwina alamu ako ali pa minibasi. Apo udzayankha milandu iwiri, wothyola ndi wobisa.

Khala pa tebulo dzuwa likadalipo, yala nsalu yoyera mu thireyi, uzigwirira ntchito m'menemo. Pakhonde ayi. Tizitsulo timeneti tikadumpha, ngakhale usese bwalo lonse sutipeza. Tsopano yang'anitsitsa pamene paduka.

Ngati lamba wachoka pomwe amalumikizana ndi mutu wa wotchi, chalakwa ndi kachitsulo kokhala ndi sipuling'i m'kati, kamene nsonga zake zimalowa m'timabowo ta tinyanga tiwiri ta mutuwo. Ngati kapindika usavutike n'kukawongola, okonza mawotchi amagulitsa. Yeza kaye mpata wa pakati pa tinyangato ndi rula, mawotchi ambiri a abambo amakhala mamilimita 18, 20 kapena 22. Gonetsa wotchi chafufumimba, mata selotepi pa tinyanga kuti pasakandike, lowetsa kachitsuloko m'lamba, ika nsonga imodzi m'bowo lake, inayo uikankhire m'kati ndi kampeni mpaka imveke kuti yalowa.

Ngati paduka pakati, tembenuza lambayo. Uona timivi tating'ono tozokotedwa pa timfundo tina. Kapini kamatuluka kolowera komwe muvi waloza, ndipo pobwezera kamalowa motsutsana ndi muviwo. Ambiri amalakwa pamenepa, n'kumamenya ndi mphamvu zonse kwinaku akutukwana amene anapanga wotchi. Kawirikawiri kapini kamakhala kong'ambika mbali imodzi, ndipo mbali yong'ambikayo ndiyo imalowa pomalizira, chifukwa ndiyo imagwira. Kankha ndi kapini kaja kotsegulira posungira simukhadi m'foni, kapena kamsomali kowonda. Pomalizira gogoda pang'onopang'ono ndi kumbuyo kwa supuni, lamba ali pa thabwa. Mawotchi ena, monga ambiri a Seiko, ali ndi kapaipi kakang'ono zedi komwe kapini kamadutsamo. Kakatayika, kapini kazingosolokanso ngakhale ukabwezere bwanji. Ndipo ukapanda kuona timivi, imika dzanja, n'kutheka kuti lambayo ndi womanga ndi tisikuluwu, tofuna kumasula, osati kumenya.

Chotsekera chikamatseguka chokha, kulunga pulayala m'nsalu upinde kalilime ka chotsekeracho pang'ono kwambiri, yesa, kenako uwonjezere ngati kakadali kolobodoka.

Ndikudziwa chimene ukuganiza. Kapini kanatsala mu udzu kuchinkhoswe, ndiye ukufuna kuchotsa kamfundo kamodzi kuti upezepo kena. Zimatheka, koma lamba afupika. Waona mkono wa alamu ako chikwatirire mchemwali wako? Tsiku lomwelo adzadziwa.

Ndiye bwera kuno ndikunong'oneze. Wotchi yatsopano ikamagulidwa, amachotsako timfundo tina kuti ikwane mwini wake, ndipo anthu ambiri amatisunga m'kabokosi kake pamodzi ndi timapini. N'kutheka kuti chimene ukusowera tulo chili m'dilowa ya alamu akowo. Pita mawa, usadikire Lamlungu. Ukawauze kuti, "Alamu, ndalakwa, lamba uja anaduka, ndikonza ndi ndalama zanga." Akhoza kukwinya nkhope, akhoza kukuseka mpaka Khirisimasi, ndipo manyaziwo akuwawa ndithu. Koma akatulukira okha, amene adzavutike ndi mchemwali wako, woima pakati pa mwamuna wake ndi mlongo wake, ndipo tsiku lomwe udzafune kubwereka chinthu chenicheni, monga ndalama za mayeso kapena za chipatala, chitseko chidzakhala cholemera.

Ngati bowo la kamfundo lakula, chitsulo chang'ambika, kapena manja ako akunjenjemera, nyamula zonse mu envulopu upite kwa okonza mawotchi aja okhala ndi timatebulo tagalasi ku Limbe. Funsa mtengo asanayambe, ndipo ukhale pomwepo akamakonza. Ukabwera nayo, koka lambayo ndi manja onse awiri uli pamwamba pa bedi, pukuta thukuta la gule lija ndi kansalu konyowa pang'ono, kenako ukaipereke ndi manja awiri, utagwadako.

Ndine,
Azakhali ako